Galu wa aneba akakugwirirani nkhuku, yambirani apa

Kumene ndinkachita lendi zaka zingapo zapitazo, mpanda unali umodzi koma mabanja tinalipo anayi. Mpopi umodzi, chingwe choyanikapo zovala chimodzi, dzala limodzi. Ine ndinkaweta nkhuku zachikuda zisanu ndi ziwiri, pomwe aneba a khomo lakumapeto anali ndi galu wofiirira amene ankamumasula usiku poopa akuba. Tsiku lina m'mamawa, ndikutuluka ndi mswachi kukamwa, ndinapeza nthenga zili mbwee kuyambira pakhola mpaka kuseri kwa bafa. Misoti iwiri itauma kale, thadzi limene linkafungatira mazira litathyoka khosi. Ndinayamba kulalata ndili pakhomo panga pomwepo, mokweza dala kuti uthenga ukafike wokha kumapeto kwa mdadada. Unakafikadi. Nkhuku sanandilipire, galu anapitiriza kumasulidwa, ndipo tinatha miyezi itatu tikudutsana pampopi ngati sitidziwana.

Mlandu wa chiweto suvuta kwenikweni. Umavuta ukasanduka mlandu wa anthu, pamene nkhani yachoka pa nkhuku n'kufika pa zakuti "inu mumatiderera" ndi "inu mumatichitira nsanje". Ndondomeko ili m'munsiyi ndi yothandiza kuti nkhani ikhalebe pa nkhuku mpaka ithe.

Choyamba, kodi pali munthu amene walumidwa?

Funso ili lisadumphidwe, chifukwa nthawi zambiri galu akamathamangitsa nkhuku amene amakaleretsa ndi mwana. Muyang'aneni m'manja, m'miyendo ndi kumaso, ndipo mufunseni modekha, poti ana amabisa akaopa kukalipiridwa. Ngati pali bala, ngakhale lokandika chabe, za nkhuku ziyambe zaima.

Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri oyenderera kwa mphindi 15. Mphindi 15 zimatalika kuposa mmene mukuganizira, choncho yang'anani nthawi pafoni, musangoyerekeza. Sopo aliyense amene ali pafupi, ngakhale wochapira, agwira ntchito. Osathirapo mchere, phulusa, tsabola kapena zitsamba, komanso osalimanga mothina. Mukatero pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Choopsa pa bala la galu ndi chiwewe, chimene chimadutsira m'malovu, ndipo zizindikiro zake zikangoyamba kuoneka pa munthu, kuchira kumakhala kulibe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka padziko lonse, ndipo pafupifupi onsewo amawatenga kwa agalu. Katemera amateteza ndithu, koma akaperekedwa msanga. Si jakisoni mmodzi ayi: achipatala amakulemberani masiku obwerera, ndipo muwatsate onse ngakhale bala litapola.

M'madera ambiri achipatala amakutumizaninso kwa a vetenale kuti mukafotokoze za galuyo ndi kutenga kalata. Apa ndiye pofunika aneba aja. Afunseni chitupa cha katemera wa galu wawo, ndipo apempheni kuti amumangirire masiku 10, akumudyetsa bwinobwino, kuti aonedwe ngati asinthe khalidwe. Galuyo asaphedwe mwaukali ndi kukatayidwa kudzala, chifukwa mukatero mwataya umboni umene a vetenale akanaugwiritsa ntchito. Koma musadikire kuti masiku 10 athe ndiye mupite kuchipatala. Ziwirizi zimayendera limodzi.

Chachiwiri, tsimikizani kuti ndi galuyo

Galu amene adagwirapo nkhuku kamodzi amasenza milandu yonse ya pamalopo, ngakhale ya likongwe. Ine ndemwe ndinanamizirapo galu wa eni ake pa anapiye anayi, pambuyo pake n'kudzaona ndi maso anga kabawi akutsika masana dzuwa likuswa mtengo n'kunyamula wachisanu.

Aliyense mwa adani a nkhuku amasiya chizindikiro chake. Galu amathamangitsa, ndiye nthenga zimamwazika mtunda wautali. Amapha zingapo nthawi imodzi, zina osazidya n'komwe, ndipo pamsana kapena pakhosi pamaoneka mano ndi dovu. Pansi pakakhala ponyowa mupeza mapazi okhala ndi zikhadabo kutsogolo, pomwe mphaka ndi vumbwe poyenda zikhadabo amabweza. Likongwe amalowera pakabowo koti inu simungakaganizire, ndipo amakonda anapiye ndi mazira. Kabawi ndi mphamba amagwira masana, mmodzimmodzi, osasiya kanthu. Mukapeza khola lili lotseka bwinobwino, nthenga palibe, koma tambala wamkulu yekhayo ndiye wasowa, ameneyo ndi galu wamiyendo iwiri. Ndipo nkhuku zikamafa zokha motsatizana nyengo yotentha, zitayamba zazyolika, kutsekula zobiriwira ndi kupinda khosi, chimenecho ndi chitopa. Musavutitse aneba, kagulireni zotsalazo katemera wa I-2 wodonthezera m'diso uja.

Mukakhutira kuti ndi galu, jambulani ndi foni musanasese: nkhuku zakufazo, nthenga, pobowoka mpanda, mapazi. Itanani munthu wamkulu mmodzi wapafupi adzaone. Mmodzi basi, osati mudzi wonse. Mboni yabwino ndi imene ilibe chifukwa ndi mbali iliyonse. Mlamu wanu kapena mnzanu wa kubanki m'khonde amene adakanganapo ndi anebawo sakuthandizani. Nkhukuzo musazikonze kaye, ziikeni m'thumba pamthunzi kufikira eni galu ataziona.

Chachitatu, imwani kaye tiyi

Gawo ili ndi lalifupi koma ambiri timagwera pomwepa. Mawu amene munthu umayankhula nthenga zili m'manja sabwezeka. Sambani, idyani, ana apite kusukulu. Koma tsiku lisadutse, chifukwa mukapita mkuja anthu adzati mwachita kupeka.

Chachinayi, pitani nokha ndipo mukaodire

Osatuma mwana. Mwana akapita ndi uthenga wakuti "akuti galu wanu wadya nkhuku zathu", amabwerako ndi yankho loti nanunso simungalimeze. Osatuma wantchito, osalemba pa gulu la WhatsApp la m'dera, osayankhulira pamwamba pa mpanda. Zungulirani mukalowere kugeti ngati mlendo, muodire, mulandire mpando akakupatsani, mupereke moni wonse mpaka kufunsa za ana. Nkhani muikambe ndi mwini khomo, bambo kapena mayi, osati mnyamata amene mwamupeza akutsuka njinga. Ngati anebawo ndi achikulire kwa inu, kapena ndinu bambo ndipo pakhomopo mwapeza mayi okha, ndi bwino kupita awiri ndi akunyumba kwanu, kapena kubwereranso madzulo onse akakhalapo.

Mawu oyamba ndiwo amaweruza mlandu wonse. Yerekezani ziwirizi. Wina akuti: "Galu wanu uja watimaliza, kodi simumudyetsa?" Wina akuti: "Pepani amayi, ndakudzidzimutsani m'mawa uno. Kwathuku kwachitika kangozi usiku, nkhuku zitatu zafa, ndipo mapazi akuonetsa ngati analowa ndi galu wathuyu. Ndimati mukaone nawo, tithandizane nzeru." Woyambayo wanyoza kale khomo la eni ake kuti kuli njala. Wachiwiriyo wati "galu wathuyu", ndipo sakunama, poti akauwa usiku amadzutsa mdadada wonse, akuba n'kuthawa osasankha kuti khomo ili ndi la yani.

Atengeni akaone okha. Munthu akaona thadzi lakufa ndi mazira ozizira pambali pake, kawirikawiri amayamba yekha kunena kuti pepani. Akatero musamudule ndi mawu aja akuti pepani sapoletsa chilonda. Mulandireni, kenako mupite pa gawo lotsatira. Akayamba kukana kuti galu wawo anagona pa tcheni, musakweze mawu. Aonetseni zithunzi, muwauze kuti aganizire, mudzamva madzulo. Ena amakana chifukwa cha manyazi chabe, ndipo akapatsidwa mpata amabwera okha.

Chachisanu, dziwani chimene mukupempha

Anthu ambiri amapita kukadandaula osadziwa chimene akufuna, ndiye zokambirana zimathera pa "tiona". Zofunika ndi ziwiri, ndipo chachiwiricho n'chachikulu kuposa choyamba.

Choyamba ndi kubwezeredwa. Mtengo ukhale wa pamsika wa tsiku limenelo, wa nkhuku ya msinkhu womwewo. Ngati simukugwirizana, pitani limodzi kumsika wapafupi mukafunse ogulitsa awiri kapena atatu. Musawerengere anapiye amene akanaswedwa, ndi zidzukulu za anapiyewo, mpaka thadzi limodzi kusanduka mbuzi. Mukatero ngakhale mboni yanu ikuthawani. Kwa ine kubweza nkhuku ndi nkhuku kumaposa ndalama, chifukwa ndalama ikalowa m'thumba imathera tomato ndi makala, khola n'kukhala lopanda kanthu. Kungoti nkhuku yobwera muisunge payokha milungu iwiri musanaiphatikize ndi zanu, ingakubweretsereni chitopa cha kumsika. Ngati agula nkhuku zatsopano kapena alipira mtengo wonse, zakufazo n'zawo, achite nazo zimene afuna. Simungalandire malipiro n'kudyanso ndiwo. Ngati ndi ndalama ndipo akuti mpaka malipiro a kumapeto kwa mwezi, vomerani, koma tchulani tsiku. Kulandirira pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuli ndi ubwino wakuti uthenga umatsala pafoni, ndiye sipadzakhala zoti "ndinapatsira mwana wanu".

Chachiwiri ndi chakuti zisachitikenso. Galu akalawa nkhuku amabwereranso. Gwirizanani zinthu zooneka ndi maso: galu azimasulidwa nthawi yanji usiku ndipo azimangidwa nthawi yanji m'mawa, inu nkhuku muzitsekera ndi kutsekulira nthawi yanji, bowo la mpanda atseka ndani ndipo liti. Kwathu kuja, titayambanso kuyankhulana, pangano linali losavuta: galu amamasulidwa nkhani za pawailesi za 8 koloko usiku zikatha, ndipo ine sindinkatsekulira nkhuku ndisanamve tcheni chikulira m'mawa. Zikanatheka tsiku loyamba lomwe lija ndikanapanda kulalata.

Ngati aneba anu ndi ovutika zoti ngakhale nkhuku imodzi sangaikwanitse, ganizirani kukhululuka ngongoleyo n'kugwiritsitsa pangano lachiwirili. Mukhoza kuwapempha kuti akuthandizeni ndi manja kukonza khola.

Akakana, kwerani makwerero limodzilimodzi

Musadumphire kupolisi chifukwa cha misoti iwiri. Yambani ndi munthu amene nonse mumamulemekeza: gogo wa pamalopo, mkulu wa mpingo ngati mumapemphera limodzi, kapena wapampando wa komiti ya chitetezo cha m'dera. Ngati muli pa lendi mu mpanda umodzi, a landilodi ndiwo oyenera, chifukwa ndiwo angalamule za ziweto pamalo pawo. Koma dziwiranitu kuti a landilodi ena akatopa amangoti pasapezekenso galu kapena nkhuku, nonse n'kuluza.

Zikakanika pamenepo, m'tauni muli mabulokolida ndi mafumu a m'malokeshoni, kumudzi kuli a nyakwawa, ndipo pamwamba pawo a gulupu. Anebawo muwauze maso ndi maso kuti nkhaniyi mukukaitula kwa amfumu, asadzangodzidzimuka ndi nduna pakhomo. Funsiranitu za chabwalo, chifukwa nthawi zina ndalama yoitanitsira mlandu imayandikana ndi mtengo wa nkhuku imene mukulirirayo. Pabwalo nenani zimene mudaona, tsiku lake, mboni yanu, ndi zimene mudayesa kuti nkhani ithere pakhomo. Zakale zisiyeni. Zoti chaka chatha mwana wawo adathyola mango anu, kapena zoti adabwereka wilibala n'kubweza tayala litaphwa, zimangopatsa anthu chithunzi chakuti mumasunga mangawa. Chigamulo chikaperekedwa pemphani kuti chilembedwe ndipo nonse musainire.

Kupolisi ndi kukhoti la majisitireti nkofikako pamene galu waluma munthu ndipo mwini wake akukana kumumanga kapena kuthandiza pa zolipira kuchipatala, pamene zoonongeka n'zambiri, kapena pamene mwayamba kuopsezedwa. Dziwaninso kuti makhonsolo a mizinda monga Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba ali ndi malamulo awo okhudza kuweta m'tauni. Ngati nkhuku zanu zimayenda mwachisawawa ndipo galu anazigwirira mu mpanda wa mbuye wake, mlandu wanu ndi wofooka kwambiri. Pamenepo olakwa ndinu, ndipo mwina muyenera kupepesanso chifukwa cha ndiwo zamasamba zimene zakhala zikupalasidwa.

Za tameki

Pali njira yachidule imene anthu amanong'onezana, yoika tameki mu mkute kapena m'mutu wa nsomba n'kuponya kuseri kwa mpanda. Musayerekeze. Poizoni ameneyu sasankha. Nyambo imene mwatchera galu imadyedwa ndi nkhuku zanu zomwe, mphaka wa khomo lachitatu, kapenanso mwana wokwawa amene amatola chilichonse n'kuika kukamwa. Galu akafera kudzala, chimene chikadye mtembo wake chimafanso. Kupha kapena kuvulaza dala chiweto cha mwini ndi mlandu pa malamulo a dziko lino, ndiye inu amene munali odandaula mumasanduka oimbidwa mlandu. Ndipo pamalo sipabisika kanthu: galu akafa patangotha sabata mutadandaula, aliyense amadziwa kumene kwachokera nyambo, ngakhale asakuuzeni. Chimodzimodzi kumuthira madzi otentha, kumutema kapena kutuma ana kuti azimugenda. Galu wozunzidwa ndi ana ndi amene amadzaluma ana.

Mbuzi m'munda

Kumudzi mlandu wofala si wa galu koma wa mbuzi, nkhumba ndi ng'ombe. Mvula ikagwa anthu n'kubzala, mafumu ambiri amalengeza kuti ziweto zimangiriridwe kapena zikhale ndi abusa mpaka anthu atakolola. Mukapeza mbuzi m'chimanga nyengo imeneyi, igwireni bwinobwino, muimangirire pamthunzi, muipatse madzi, ndipo mwini wake kapena amfumu adziwe nthawi yomweyo. Osaithyola mwendo, osaibisa usiku wonse osanena, chifukwa mawa idzakhala nkhani yakuti munaba. Werengani mizere ndi mapando amene adyedwa pamaso pa mboni. Chimanga chikadyedwa nsonga chili chaching'ono nthawi zambiri chimaphukiranso, choncho ngati pali kukangana pa kukula kwa zoonongeka, itanani alangizi a zaulimi adzaone, kapena gwirizanani kudikira milungu iwiri musanatchule malipiro. M'chilimwe zinthu zimatembenuka: ziweto zimamasulidwa, ndipo mwini dimba ndiye amayembekezeredwa kumanga mpanda.

Galu akakhala wanu

Tsiku lina odi adzamveka pakhomo panu. Musayambe ndi mawu akuti "galu wanga sachita zimenezo", chifukwa simugona naye panja. Nyamukani mukaone, pepesani, ndipo tchulani nokha za kubweza asanakufunseni; amene wayamba yekha kutchula malipiro kawirikawiri amalipira zochepa. Ngati waluma munthu, perekezani wolumidwayo kuchipatala, thiransipoti ikhale yanu, chitupa cha katemera chili m'manja.

Chitupacho chizikhalapo. Galu amayenera kubayidwa katemera wa chiwewe akakwana miyezi itatu, kenako chaka ndi chaka. Ku Blantyre bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu mwaulere kuyambira 2015, ku Lilongwe kuli bungwe losamalira nyama la LSPCA, ndipo m'maboma onse muli maofesi a zaziweto amene mungafunseko, makamaka chakumapeto kwa September, poti pa 28 mwezi umenewu ndi tsiku lokumbukira kulimbana ndi chiwewe padziko lonse. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akabayidwa, matendawa amasiya kufalikira. Mukapita funsaninso za kufula galu wamphongo kapena kutseketsa wamkazi, chifukwa kuyendayenda kwambiri ndi ndewu za usiku zimachokera pa nyengo yokwerana. Ndipo mudyetseni. Galu amene chakudya chake ndi madzi otsukira mbale adzadzipezera yekha ndiwo. Phala la mgaiwa kapena madeya losakaniza ndi mitu ya usipa kapena bonya silidula kwenikweni. Tcheni chikhale chachitali, pamthunzi, madzi ali pafupi; galu womangidwa pafupipafupi padzuwa tsiku lonse akamasulidwa amakhala ngati wapenga.

Konzani khola lanu

Ngakhale aneba alipire bwanji, galu wawo si yekhayo m'deralo. Khola lam'mwamba, lotalika kufika m'chiuno kapena kuposa, limateteza kwambiri kuposa lapansi, bola makwerero muzichotsa usiku. Ngati ndi lapansi, waya wa nkhuku yekha sakwana, chifukwa galu amakumba pansi pake kapena kumung'amba pamene wachita dzimbiri. Kwirirani wayayo pansi pang'ono, mutsatize njerwa kapena miyala m'mbali monse, ndipo chitseko chikhale ndi loko kapena chitsulo chokolowekera, osati kamtengo kotsamiritsa. Yenderani mpanda mwawerama, mukuyang'ana pa msinkhu wa galu, osati wa munthu. Kwathu kuja bowo linali kuseri kwa mulu wa nkhuni, pamene tonse tinkadutsapo tsiku lililonse osaliona. Thadzi lofungatira musalisiye ligone m'maluwa kapena kuseri kwa khitchini kumene lasankha lokha, poti likakhala pa mazira silithawa msanga ndipo limakhala loyamba kugwidwa.

Likagwidwa, mazirawo musafulumire kuwataya. Ngati muli ndi thadzi lina limene layamba kufungatira masiku ofananako, kapena aneba ali nalo, alembeni chizindikiro ndi khala n'kuwaika pansi pake madzulo kukamada, osachulukitsa kuposa amene lingawafunditse onse. Werengani masiku 21 kuchokera tsiku limene thadzi loyamba lija linayamba kukhalira. Anga aja analipo khumi, ndipo thadzi limene linawalandira linali la mayi a khomo lachiwiri. Anaswa asanu ndi mmodzi, awiri n'kutsalira eni thadzi.